Lachitatu pa desiki ya maulendo: khadi kapena ndalama zapamanja?

Tchuthi chayandikira, ndipo lero pafupifupi aliyense wolowa mu ofesi yathu kuno ku City Centre anali ndi funso limodzi: ulendo woyenda ndi gaidi kunja kwa dziko, alipire ndi khadi kapena anyamule madola m'thumba? Yankho lalifupi n'lakuti zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake. Koma kwa ife a ku Malawi nkhaniyi ili ndi mfundo imene mlendo wa ku London saiganizira n'komwe. Khadi yathu imatapa m'akaunti ya makwacha, ndipo kuti ilipire kunja, banki iyenera kupeza ndalama zakunja zolipirira m'malo mwathu. Pamene forex ikusowa, mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi ingalipire kunja pa mwezi, ndipo malirewo amasinthasintha.

Woyamba kufika anali mayi wina wa ku Area 18 amene akupita ku Cape Town. Amafuna matikiti a ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 m'ndende. Matikitiwa amagulidwa pa intaneti masiku akadalipo chifukwa boti limadzaza msanga. Khadi yawo inakana katatu.

"Bambo, m'akauntimo ndalama zilimo, ndaona m'mawa womwewu," anatero akundionetsa foni.

Ndalama zinalimodi. Khadi ikakana chonchi, zifukwa zimakhala zitatu. Mwina khadiyo sinatsegulidwe kuti izilipira kunja ndi pa intaneti, zimene mabanki ambiri amachita pokhapokha mwini wake atapempha. Mwina malire a mwezi anatha kale ndi zinthu zing'onozing'ono zimene munthu amaiwala, monga kulipira malonda pa Facebook. Apo ayi, nambala yachinsinsi ya OTP, imene banki imatumiza pafoni kuti mutsimikize kulipira, sinafike. Kwa mayiwa chinali chachitatu: nambala ya foni imene analembetsa ku banki ndi yakale, simu yake anataya kalekale. Tinawatumiza kunthambi ya banki yawo ndi chiphaso cha unzika kuti akasinthitse. Nkhani ya OTP imagwetsa anthu ambiri akafika kale kunja. Munthu amachotsa simu ya Airtel kapena TNM n'kuikamo ya kumeneko, ndiye uthenga wa banki ukupita ku simu imene ili m'chikwama. Tsegulitsani roaming (kuti simu izigwira ntchito kunja) musananyamuke, ndipo simu yakwathu ikhale m'foni, ngakhale kafoni kakang'ono ka mabatani.

Chakumasana kunabwera aphunzitsi awiri oimira gulu lopita ku South Luangwa, nkhalango ya zinyama ya ku Zambia. Ulendo uwu ndi wapafupi: Mchinji, chipata cha Mwami, Chipata, kenako Mfuwe. Anabwera akusangalala kuti mtengo ndi wotsika modabwitsa, chifukwa pa pepala panalembedwa K basi. Anali makwacha a ku Zambia. Kwacha imodzi ya kumeneko imagula makwacha athu makumi angapo, ndiye bajeti yonse inayenera kulembedwanso. Pa invoyisi iliyonse onetsetsani kuti palembedwa ZMW, USD kapena MWK momveka bwino, ndipo afotokoze ngati ndalama yolowera m'nkhalango ili momwemo. Nthawi zambiri imakhala yapadera, yolipira pa munthu pa tsiku. Nzika za m'maiko a SADC zimalipira mtengo wotsikirapo poyerekeza ndi alendo ochokera kutali, choncho pasipoti ikhale pafupi pofika pageti. Ndalama za kumeneko tapani kapena sinthani ku Chipata, musadalire kuti mukazipeza ku Mfuwe kumene makina otapira ndalama ndi ochepa ndipo netiweki imatha kuthawa.

Nkhani imene inatenga nthawi yaitali ndi ya banja lopita ku Tanzania, ku Serengeti kenako ku Zanzibar. Kampani imene anaipeza pa intaneti inawauza kuti akalipira ndalama zonse zapamanja akafika, kapena kutumiza ku nambala ya foni ya munthu, awachotsera pang'ono. Akalipira ndi khadi awonjezera 4 peresenti. Bambowo anali atakopeka kale.

"Achimwene, ndalama zinayi pa handiredi iliyonse si zochepa masiku ano."

Zoona, si zochepa. Pa ulendo wa $600 ndi $24. Koma $24 imeneyo ikugula chinthu chimene ndalama zapamanja sizingagule. Mukalipira ndi Visa kapena Mastercard, kampani n'kusowa kapena kusachita zimene munagwirizana, muli ndi ufulu wokadandaula ku banki yanu kuti ndalamazo zibwezedwe, ndipo nthawi yake kawirikawiri ndi masiku 120. Pamafunika invoyisi, lisiti, ndi makalata amene munalemberana. Mukatumiza ku nambala ya munthu amene simunamuonepo, ndalamazo zapita ngati madzi otayikira pamchenga. Ndinawalangiza chomwe ndimalangiza aliyense: dipoziti ilipidwe ndi khadi kapena kudzera ku banki m'akaunti ya dzina la kampani, osati la munthu. Zotsala mukhoza kukapereka pamanja mutaona galimoto ndi gaidi ndi maso anu, n'kulandira lisiti yodindidwa.

Njira ya ku banki ili ndi zake. Amafuna invoyisi, pasipoti ndi tikiti, ndipo pempho lanu limadikira pamzere wa forex, mwina masabata. Yambani msanga. Funsaninso kuti ndani alipire ndalama zimene mabanki a panjira amadula, chifukwa $600 ikafika $570, kampani idzakulipiritsani yotsalayo pabwalo la ndege. Ndipo musaiwale kuti ngongole ya madola imakula kwacha ikagwa. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atangolipira dipoziti anapeza kuti zotsala zija zakwera usiku umodzi. Ngati kampani ndi yodalirika ndipo forex yapezeka, kulipira gawo lalikulu msanga n'kwanzeru.

Ku Tanzania kuli malo amene ndalama zapamanja sizigwira ntchito n'komwe. Pazipata za nkhalango za boma monga Serengeti salandira ndalama pamanja, ndiye ngati gaidi sakulipirirani, khadi yogwira ntchito ndi yofunika. Zanzibar nayo inayamba mu October 2024 kufuna inshuwalansi kwa alendo ochokera kunja, yogulidwa pa intaneti, imene panthawiyo inali $44. Tinthu totere ndi timene timadya malire a khadi musanaponde ndege.

Za madola apamanja, si dola iliyonse imene imalandiridwa. Yong'ambika, yothimbirira, yolembedwa ndi bolopeni, kapena yakale kwambiri, amakubwezerani osakambirana. Pa $100 pemphani ija ya mzere wabuluu pakati, imene inayamba kutuluka mu 2013. Ziwerengeni ndi kuziyang'ana muli pakauntala pomwepo. Za $50 ndi $100 zimasinthidwa pamtengo wabwinopo kusiyana ndi zing'onozing'ono, komabe khalani ndi za $1 ndi $5 zothokozera gaidi ndi dalaivala, chifukwa kangachepe ka pa khadi sikafika m'manja mwawo nthawi zonse. Gulani ku banki kapena kumalo osinthira ndalama ovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo lisiti isungeni m'pasipoti. Pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena pachipata cha Mchinji akhoza kukufunsani kumene mwazitenga, ndipo zogula kwa anyamata a mumsewu zilibe pepala lokuikirani kumbuyo.

Tisanatseke, mnyamata wina amene wabwera kumene kuchokera ku Johannesburg anadzadandaula kuti hotela inamudula kawiri. Titayang'ana, sinamudule kawiri. Polowa, hotela inagwira ndalama ya chikole pa khadi yake, ndipo potuluka inadula ya chipinda. Pa khadi ya ngongole chikolecho sichipweteka kwenikweni, koma ambirife tili ndi khadi yotapa ndalama zathu zomwe, choncho ndalamazo zimaoneka ngati zachoka mpaka banki itazimasula, mwina patapita masabata. Ichi n'chifukwa chake khadi yake inakana tsiku lotsatira pamene amalipira ulendo wa ku Soweto. Funsani polowa kuti agwira zingati, ndipo ngati alola, chikolecho perekani pamanja. Pa malisiti ake tinaonanso kuti makina ena anamufunsa ngati alipire m'madola kapena m'marandi, iye n'kusankha madola. Potero ndalama inasinthidwa kawiri, marandi kupita ku madola pamtengo wa makinawo, madola kupita ku makwacha pamtengo wa banki. Makina akafunsa, sankhani ndalama ya dziko limene muli. Tamulembera kalata yopempha hotela kuti itsimikizire kuti yamasula chikolecho, ndipo yankho likabwera akapita nalo ku banki yake.