Loweruka la chiperoni ndi ampu ya alamu

Chiperoni chinayamba usiku, m'mawa phiri la Mulanje losaoneka n'komwe. Kumunda sikukanapitika, ndiye ndinati lero ndiyese ampulifaya ija alamu anabwera nayo kuchokera ku Joni.

Pakatoni analemba 3000W PMPO ndi zilembo zikuluzikulu, moti mphwanga walengeza kale mudzi wonse kuti kwathu kwabwera zida za disko. Nditaitembenuza, kumbuyo kuli timalemba ting'onoting'ono: 200W RMS mbali iliyonse mwa mbali zake ziwiri, pa 4 ohms (ma ohms ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi). Mphamvu yeniyeni ndi imeneyo, zinazo n'zokopera ogula basi. Komabe 200 si yocheza, poti masipika anga a pabalaza ndi a 80W.

Ndinakwera kabaza kupita kwa mmisiri wa mawailesi pa Chitakale, nditatenganso sipika ija inasiya kutulutsa mawu aang'ono mwezi watha. Mkuluyo anamasula twita, kasipika kotulutsa mawu aang'onowo, kuinunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, iyi mwaipha ndi kaampu kanu kakang'ono kaja. Mumakakweza mpaka kumapeto eti?"

Ndinangoseka, wolakwa ndikumudziwa, amagona m'nyumba mwanga momwemo. Akuti ampu yaing'ono ukaikakamiza imathedwa mpweya, mawu n'kuyamba kusasa, ndipo kusasako n'kumene kumatenthetsa koyilo ya twita. Anandionetsa kawaya kake, koonda ngati tsitsi, katada bii. Yaikulu imayimba mosabanika chifukwa ili ndi mphamvu yotsala, koma nayonso dzanja likapyola muyeso imaotcha sipika mosachedwa.

Pamene anandipulumutsa kwenikweni ndi pa masabu, masipika akuluakulu a bezi. Ndili nawo awiri a mainchesi 12, iliyonse 4 ohms, ndipo maganizo anga anali oti ndiwamange pa mbali imodzi, mawaya ofiira pamodzi, akuda pamodzi. Anakana kwamtuwagalu. Ukatero ma ohms amatsika kufika pa 2, ampu imakoka magetsi ochuluka kuposa amene inapangidwira, kenako utsi. Sabu iliyonse ipite ku mbali yake, masipika aang'ono atsale pa ampu yakale ija.

Madzulo ndinachita momwemo. Kabatani kosefa mawu ndinakaika pa 80 Hz kuti masabu azingogunda bezi yokha, ampuyo ndinaichotsa mukabati ndi kuiika poyera kuti izipitidwa mphepo. Voliyumu isanafike n'pakati pomwe, malata anayamba kunjenjemera, mbale zagalasi gwedegwede, kapu imodzi phwaa pansi. Amayi anatulukira kukhitchini chipande chili m'manja.

"Iwe, nyumba anaisiya bambo ako ufuna uigwetse?"

"Pepani amayi, ndikungoyesa."

"Ukayesere ku Sapitwa."

Ndamata kaselotepi pamene batani la voliyumu liyenera kulekezera, ndipo mphwanga ndamuuza kuti akadzapyola pamenepo, twita ina adzagula ndi ndalama zake za ganyu yothyola tiyi. Kapu ndikagula Lolemba.