Sitiraka imene sitinaiitanitse

Ndimagwira ntchito ku ofesi ya bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo sabata yathayi pampando sindinakhalepo. Lolemba m'mamawa foni inalira: a shifiti ya usiku pa fakitale ina azimitsa makina, akhala pageti. Mnzawo anachotsedwa ntchito atafunsa za ndalama ya ovataimu. Palibe wa komiti yathu amene anawatuma.

Nditangofika, mayi wina wa kumakina osokera anandifunsa, "Bambo, mwabwera kudzatibweza kuntchito kapena kudzaima nafe?" Funso lakuti sitiraka aitsogolere ndani, ofesi kapena ogwira ntchito eni ake, linayamba kale kuvutitsa anthu. Mu 1902 Lenin, amene pambuyo pake anatsogolera chikomyunizimu ku Russia, analemba kuti ogwira ntchito paokha amalekeza pomenyera malipiro, ndipo kuti afike pa sosholizimu, ulamuliro umene chuma chimakhala m'manja mwa anthu onse, pamafunika chipani cholimba. Rosa Luxemburg, mayi womenyera ufulu wa ogwira ntchito ku Germany, ataona masitiraka a ku Russia a 1905, anati sitiraka yaikulu siilamulidwa kuchokera mu ofesi, ndipo kawirikawiri ndi iyo imene imabala mabungwe. Pageti paja ndinagwirizana ndi Luxemburg ndi mtima wonse: ambiri mwa amene anayambitsa analibe n'khadi la umembala lomwe.

Lachiwiri anakana kusankha owalankhulira. Akuti ukatchulidwa dzina, ndiwe woyamba kulandira kalata. Ndinawamvetsa. Ku Durban mu 1973, sitiraka itayambira pa fakitale ya njerwa ya Coronation, anthu anakananso chimodzimodzi, ndipo mabwana anasowa womugwira. Koma mphamvu ija inakhalitsa chifukwa pambuyo pake anamanga mabungwe, mpaka migwirizano ya mabungwewo ku South Africa, FOSATU mu 1979 ndi COSATU mu 1985.

Lachinayi ndi limene linandisowetsa tulo. Mkwiyo unayamba kuzirala, nkhawa ya lendi inalowa, ena anayamba kuzembera kugeti lakumbuyo kapitawo akuwakodola. Apa m'pamene ntchito yathu yosaoneka imafunikira: kulemba mayina, kuimbira foni amene sanabwere, kufunsa loya zomwe lamulo likunena, kusandutsa phokoso la anthu ambiri kukhala mfundo zolembedwa. Ndinawauza za ku Gdańsk, ku Poland, mu 1980, komwe sitiraka inabuka Anna Walentynowicz, wogwira ntchito pamalo opangira sitima zapamadzi, atachotsedwa ntchito, koma boma linagonjera komiti yoimira mafakitale ambiri yomwe inali ndi mfundo 21. Ife tinatuluka ndi zitatu, zolembedwa kuseri kwa katoni.

Lachisanu tinakumana ndi mabwana. Ndinakana kulowa ndekha, ndipo mayi uja ndi anzake anavomera kukhala nane patebulo. Wochotsedwayo abwerera kuntchito podikira kuti nkhani yake imvedwe, ovataimu iwerengedwanso, ndipo palibe amene alangidwe chifukwa cha sitirakayi. Tisanasaine, tinakawerenga pepalalo mokweza pageti, anthu n'kukweza manja. Mawu amodzi anawakana, tinabwerera mkati kukawasintha.

Sabata ikubwerayi shifiti iliyonse isankha owaimira ake. A usiku anenetsa kuti msonkhano wawo uchitike pa nthawi yawo, ndiye ndikhala komweko kusanache.