Sabata ya drafiti mu ofesi ya mlangizi wa ana a baseball ku Korea

Seputembala ndi mwezi wowawa kwa mlangizi wa pasukulu ya sekondale yomwe ili ndi timu ya baseball ku South Korea. Pa drafiti, matimu 10 a KBO, ligi yaikulu ya baseball m'dzikolo, amasankha osewera atsopano, timu iliyonse 11, onse pamodzi 110. Olembetsa amapitirira 1,000. Otsalawo, ambiri a zaka 18, masewera akhoza kuwathera pomwepo.

Lolemba ntchito ndi ya mafayilo. Timaona masiku amene mnyamata aliyense anajomba: kuyambira 2023 wa sekondale yapamwamba amaloledwa masiku 50 pachaka kupita ku mipikisano, ndipo maphunziro omwe waphonya amayenera kuwabweza pa intaneti kudzera pa e-school. Vuto lake n'lakuti ambiri amangotsegula vidiyo n'kugona chifukwa cha kutopa. Lamulo limafuna kuti afike 30 peresenti yokha ya avereji ya anzake m'Chikoreya, Chingerezi ndi maphunziro a chikhalidwe. Masamu mulibemo. Mwana amakwanitsa lamulo koma masamu anawasiya kalekale.

Lachiwiri ndi la ovulala, makamaka oponya mpira. Malire ndi kuponya ka 105 patsiku, koma zigongono zimawonongekabe chifukwa anayamba kuponya mwamphamvu ali ku pulayimale. Mtsempha wa m'chigongono ukaduka, opaleshoni ya Tommy John imafuna chaka kapena chaka ndi theka kuti achire. Akachitidwa ali m'chaka chomaliza, matimu sakhala ndi zoti aone.

Tsiku la drafiti lenilenilo timakhala chete, foni ili pafupi.

Mawa lake ndiye pali ntchito yaikulu, ndipo apa m'pamene kalendala imapweteka ana. Kulembetsa mayeso a Suneung, olowera ku yunivesite, omwe amalembedwa Lachinayi lina mu Novembala, kumatsekedwa kumayambiriro kwa Seputembala, drafiti isanachitike. Mnyamata amene ankakhulupirira kuti asankhidwa, osalembetsa, akhoza kutaya chaka. N'chifukwa chake timakakamiza aliyense kulembetsa mu Ogasiti, ngakhale kochi anene kuti ameneyu ndi wotsimikizika. Mafomu a susi, njira yolowera ku yunivesite moyambirira, nawonso amaperekedwa m'masabata omwewa, ndipo malire ndi 6. Timalangiza kuti asawathere onse pa malo a osewera. Awiri kapena atatu apite ku maphunziro ena monga a zolimbitsa thupi.

Njira zina zilipo koma tiziwauza zoona zake. Mnyamata wosasankhidwa, timu ikhoza kumutenga ngati wosewera wongophunzitsidwa, koma angachotsedwe nthawi iliyonse. Koleji ya zaka ziwiri imampatsa mwayi wolowanso drafiti. Satifiketi ya uphunzitsi wa masewera imafuna mayeso olemba, mayeso a pabwalo ndi maphunziro ena pambuyo pake. Usilikali wa miyezi 18 ukumudikiranso.

Lachisanu timakumana ndi makolo. Ambiri alipira ndalama za kochi, zida ndi maulendo kwa zaka pafupifupi 10, ndipo funso lawo loyamba limakhala la timu ina. Timawapempha kuti mwana alankhule kaye. Dongosolo lolowetsa ana kusukulu chifukwa cha masewera linayamba mu 1972, ndipo bambo ambiri anakulira momwemo, choncho mawu akuti "kusiya" amawamva ngati manyazi. Mnyamatayo timamusamutsira m'kalasi tsiku lonse, timamupezera womuthandiza masamu kuyambira pa buku la sekondale yoyambirira, ndipo timamuonanso pakatha masabata awiri, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene ambiri amayamba kujomba.