Zikomo nonse amene munandigwira dzanja pa driver wamasiye uja

Dzulo m'mawa ndinalandira uthenga woti ma patch (zigamba zokonzera code) anga onse 11 alandiridwa ndipo alowa mu kernel ya Linux ikubwerayi, kernel kukhala mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Onsewa ndi okonza driver, kapulogalamu kothandiza kernel kulankhulana ndi chipangizo, wa khadi la serial yemwe analibe womuyang'anira. Ntchitoyi yanditengera miyezi 8, kawirikawiri usiku ana atagona. Ndati ndithokoze poyera, chifukwa ndikanakhala ndekha bwenzi nditaisiya mwezi wachitatu.

Ena mwakhala mukundifunsa chomwe ndikuvutikira ndi doko la serial, pobayika waya wotumizira uthenga pakati pa makina, poti ma laputopu analisiya kalekale. Ine ndimagwira ntchito ndi ma router komanso timakompyuta ting'onoting'ono topanda sikirini. Makina otere akakana kudzuka, netiweki palibe, chimatsala ndi mawaya atatu, TX, RX ndi GND, ndipo ndi pomwepo pamene kernel imakuuza chomwe chaivuta. Ka chip ka 8250, koyendetsa doko la serial, kanali kale mu IBM PC ya 1981, ndipo zidzukulu zake zikugwirabe ntchito lero lino.

Koma ma driver ambiri a m'gawoli alibe wowayang'anira. Mukatsegula fayilo ya MAINTAINERS, mndandanda wa anthu oyang'anira magawo a kernel, mupeza ena alembedwa kuti Orphan, ndiye kuti amasiye. Mu 2021, pa Linux 5.13, ma driver a cyclades, isicom ndi rocket anachotsedwa. Ine sindidandaula nazo, chifukwa code imene palibe akuiyesa imangolemetsa anthu osamalira kernel. Driver amene ndinamutenga ine, wa khadi lakale la PCI la madoko 4, ankalowera komweko.

Woyamba kumuthokoza ndi bambo wina wopuma pantchito ku Germany, amene sitinaonanepo maso ndi maso ndipo anandipempha kuti ndisatchule dzina lake. Khadilo ine ndilibe. Iwo ali nalo, m'kompyuta yakale imene amaisunga m'chipinda chapansi. Nditatumiza ma patch kachitatu ndinali wotsimikiza kuti zonse zili bwino, poti code inkamangika popanda chenjezo lililonse ndipo checkpatch, pulogalamu younika kalembedwe ka ma patch, sinadandaule. Patapita masiku awiri anandilembera kuti pa liwiro la 9600 zikuyenda, koma pa 115200 zilembo zikusowa pakati pa mizere. Cholakwa chinali changa. Ndinaika lock, loko ya mu code, pamalo pomwe inkatsekereza nthawi yaitali ma interrupt, zizindikiro zimene chip chimaitanira kernel kuti idzatape zomwe zafika. Chip cha 16550A, chidzukulu cha 8250, chimasunga ma byte 16 okha, ndipo pa liwiro la 115200 amabwera 11,520 pa sekondi, kotero nkhokweyo imadzaza mamilisekondi awiri asanakwane. Ukachedwa kutapa, zobwera pambuyo zimatayika. Pa tebulo langa sindikanaziona zimenezi ngakhale nditawerenga code chaka chathunthu. Bambo, munayatsa ndi kuzimitsa makina amenewo maulendo 7 chifukwa cha munthu wosamudziwa. Mzere wa Tested-by, wothokoza amene anayesa ntchitoyo, umene uli pansi pa patch iliyonse ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene munachita.

Zikomo kwa amene anandibwezera ntchito yanga yoyamba n'kundiuza kuti ndisasakanize kukonza kalembedwe ndi kukonza zolakwika mu patch imodzi. Tsiku limenelo zinandipweteka, sindikana. Koma vuto la lock lija litabuka, tinalipeza msanga chifukwa ma patch anali atagawidwa bwino.

Ndikuthokozanso a Greg Kroah-Hartman ndi a Jiri Slaby, amene akhala akusamalira gawo la kernel la tty (ma terminal) ndi serial kwa zaka zambiri. Zambiri zimene ndikudziwa ndinaziphunzira powerenga ma commit awo akale, zosintha zimene analowetsa mu kernel.

Achimwene amene munandibwereka oscilloscope, chipangizo choonera mafunde a magetsi pa waya, kwa milungu 6 osandikumbutsa n'komwe, ndikubweretserani Loweruka. Mayi a kunyumba, munapirira nyale yoyaka mpaka 2 koloko usiku, ndipo tsiku lomwe ndinati ndasiya munangondifunsa kuti, "Nanga bambo aja akudikira aja muwauza chiyani?" Ndinabwerera pa kompyuta usiku womwewo.

Patch ya nambala 11 ndi yaifupi kuposa zonse. Ikufufuta mawu oti Orphan mu MAINTAINERS n'kulembapo Maintained, pamodzi ndi dzina langa. Ngati muli ndi khadi la serial lakale m'kabati kuntchito kwanu, musalitaye. Ndiuzeni mtundu wake, chifukwa pakadali pano munthu yekhayo amene angayese ntchito yanga ndi bambo aja.