Tsiku loyamba ndi msilikali wopuma amene nkhondo sinamuchoke m'mutu

Msilikali wotere akamabwera kwa ine kudzalandira uphungu, ndisanafunse kanthu, ndimayamba ndakonza chipinda. Mpando wa mlendo umayang'ana kukhomo, khoma lili kumsana, ndipo amasankha yekha pokhala. Munthu amene anazolowera kukhala tcheru usana ndi usiku sangamasuke chitseko chili kumbuyo kwake. Ndimamuuziratu kuti tikhala mphindi zingati, ndizilemba chiyani, ndiponso ndani angawerenge. Akati tilekeze, timalekeza.

Za kunkhondo sindizifukula tsiku limenelo. Ambiri amalakwira pamenepa: amafuna amve zonse nthawi imodzi, munthu n'kupita kwawo bala lili pamtunda, kuchezera usiku wonse, osabweranso. Ine ndimayambira pa tulo, mowa ndi mkwiyo wa pakhomo. Ndimafunsanso ngati bomba linamuphulikirapo pafupi, chifukwa ubongo ukavulala umabweretsa kuiwala ndi kupsa mtima kofanana ndi kwa PTSD, vuto la m'maganizo limene limatsalira munthu akakumana ndi zoopsa kwambiri.

Kenako fomu ya PCL-5, yoyezera zizindikiro za PTSD: mafunso 20, lililonse malikisi 0 mpaka 4, onse pamodzi malikisi 80. Akafika cha pa 31 mpaka 33 kapena kuposa, ndimafufuza mozama, koma nambala yokha sindiikhulupirira, poti asilikali ambiri amachepetsa dala kuopa kuoneka ofooka. Za kudzipha ndimafunsa mosapsatira: "Bambo, munaganizapo zochotsa moyo wanu?" Ngati ali ndi mfuti, timagwirizana kuti itsekeredwe, zipolopolo zikhale kwina, makiyi asunge wina.

Nthawi zina amangoti duu, maso ali patali, manja akunjenjemera. Sindimugwira paphewa, angadzidzimuke n'kumenya. Ndimatchula dzina lake motsitsa mawu, kumuuza tsiku ndi malo amene tili, kenako aponde pansi mwamphamvu n'kutchula zinthu zisanu zimene akuziona m'chipindamo.

Chithandizo amasankha yekha nditamufotokozera. Cognitive Processing Therapy imatenga maulendo pafupifupi 12, ndipo imalimbana ndi maganizo onga akuti "mnzanga anafa chifukwa cha ine". Prolonged Exposure ndi maulendo 8 mpaka 15 a mphindi 90, kubwereza nkhaniyo mpaka mantha atazirala. Palinso EMDR, pamene amakumbukira zoopsazo kwinaku akuyendetsa maso uku ndi uku. Ndimamuchenjezeratu kuti masabata oyamba maloto oipa angachuluke, chifukwa wosachenjezedwa amaganiza kuti zikuipiraipira n'kusiya.

Mankhwala a sertraline kapena paroxetine amathandiza, koma pamapita masabata 4 mpaka 6 kuti asinthe kanthu. Diazepam ndimamupewa: amagonetsa inde, koma thupi limamuzolowera, sachiza PTSD, ndipo akasakanikirana ndi mowa angathe kuimitsa kupuma.