Kuthokoza onse amene munandidzudzula ndi kundichirikiza mpaka buku langa latha

Sabata yatha ndinamaliza kupaka inki tsamba lomaliza la buku langa la makatuni, lomwe landitengera zaka zitatu, ndipo ndisanagwire ntchito ina iliyonse ndaona kuti ndi bwino ndithokoze poyera anthu amene mwandifikitsa pano. Kwa inu amene simunaliwerengepo, bukuli limakamba za ana obadwa kwa munthu ndi chilombo, ana a nyanga, zikhadabo kapena mamba pakhungu, amene amadwala, kuseka ndi kulira monga mwana wina aliyense. Anthu amawasala powaona ngati zilombo, ndipo zilombo nazo zimawakana chifukwa choti ali ndi magazi a munthu, motero alibe kolowera.

Oyamba kuwathokoza ndi mayi wina amene sitinaonanepo maso ndi maso, amene anandilembera kalata yaitali gawo lachitatu litangotuluka pa intaneti. M'gawo limenelo mnyamata wa zikhadabo anakwiya n'kukanda mnzake wa m'kalasi mpaka kumutulutsa magazi, ndipo makolo anayamba kuchotsa ana awo pasukulupo. Mayiwo anandiuza mosapita m'mbali kuti ndinali nditawapatsa makolo aja chifukwa chomveka choopera, pamene munthu weniweni wosalidwa chifukwa cha khungu lake, mtundu wake kapena ulumali wake alibe zikhadabo zong'ambira aliyense, ndipo mantha amene anthu amakhala nawo pa iye ndi ongowapeka okha. Anandikumbutsanso kuti mtsutso umenewu ndi wakale, chifukwa anthu akhala akuufunsa pa nkhani za X-Men, makatuni a ku America okamba za anthu obadwa ndi mphamvu zodabwitsa amene anzawo amawaopa ndi kuwasala, zomwe mlembi Stan Lee ndi wojambula Jack Kirby anaziyamba m'chaka cha 1963: ngati osalidwawo alidi ndi mphamvu zogwetsa nyumba, kodi woopa wawalakwira chiyani?

Kalatayo inandilasa mtima, ndipo ndinakhala miyezi inayi osagwira pensulo. Ndinkaiwerenga usiku, kufunafuna pamene mayiwo alakwitsa, koma sindinapapeze. Nditabwerera patebulo sindinamuchotse zikhadabo mnyamata uja, chifukwa kuteroko kukanakhala kunena kuti munthu ayenera kukhala wofatsa ngati nkhosa kuti aloledwe kukhala pakati pa anzake. Ndinawonjezera masamba osonyeza dzulo lake la tsiku lokandana lija, pamene mwana wopanda nyanga anagenda mnzake ndi mwala n'kungochenjezedwa pakamwa, kuti wowerenga aone yekha kuti kulakwa kofanana kukuyezedwa ndi miyeso iwiri. M'miyezi yomweyo munabadwanso tsamba limene ambiri mwa inu mwandilembera za ilo: mtsikana ali yekha m'bafa m'bandakucha, akupala nyanga zake ndi tupa kuti zibisike mu mpango, fumbi loyera likugwera m'beseni, mayi ake ataima kuseri kwa chitseko akumva phokosolo koma osagogoda. Tsamba limenelo lilibe mawu ngakhale amodzi, ndipo sindikanalijambula pakanapanda kalata ija. Mayi, ngati mukuwerenga mawu awa, dziwani kuti ndikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima.

Ndikuthokozanso aphunzitsi anga akale a zojambulajambula, amene anayala masamba anga patebulo, n'kuphimba ndi dzanja ana a nyanga onse, kenako n'kundifunsa kuti ndiwauze kusiyana kwa anthu otsalawo. Ndinasowa choyankha. Mwana wa chilombo aliyense ndinamupatsa nkhope yake, kayendedwe kake ndi kavalidwe kake, koma khamu la anthu owasala ndinalijambula ndi nkhope imodzi, nsidze zokwinya ndi pakamwa pokalipa, ngati onse anaumbidwa m'chikombole chimodzi. Ndinali ndikuwachita zomwe bukulo likudzudzula. Ndinajambulanso masamba oposa 30, ndipo tsopano m'khamulo muli agogo amene akuyang'ana pansi ndi manyazi, muli mnyamata amene akuseka chifukwa anzake akuseka, mulinso bambo amene dzulo lake anagawira mwana wa nyanga ambulera pamvula. Anandidzudzulanso pa manja, kuti ndinkawabisa m'matumba ndi kuseri kwa misana chifukwa choopa kuwajambula, ndipo ananena zoona.

Panali ena amene ankanena kuti nkhani za zilombo ndi zachibwana, kapena kuti zimawononga maganizo a ana. Maganizo amenewa sanayambe lero. M'chaka cha 1954 osindikiza makatuni ku America anakhazikitsa malamulo a Comics Code, omwe analetsa kujambula anthu osanduka mimbulu, opopa magazi ndi mitembo yoyenda, ndipo chiletsocho chinafewetsedwako m'chaka cha 1971. Komabe nthano za theka munthu theka chilombo n'zakale kwambiri kuposa makina osindikizira. Agiriki ankasimba za Minotaur, wa thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe, amene mfumu Minos ya ku Crete inamutsekera m'nyumba ya njira zosokoneza yomwe anamanga Daedalus, mpaka Theseus anadzamupha. Ndili mwana ndinkadabwa kuti nthanoyi imatamanda womupha koma siifunsa kuti iye ankamva bwanji atatsekeredwa chifukwa cha mmene anabadwira, ndipo buku langa linaphuka pa funso limenelo. Ndikuthokoza owerenga amene munayankha anthu aja modekha m'malo mwanga, pa nthawi imene ine ndinalibe mphamvu zoyankhira.

Chaka chatha dzanja langa lamanja linatupa pamkono mpaka ndinkalephera kutsegula botolo la inki, ndipo adokotala anandilamula kupumula kwa masabata angapo. Mlongo wanga, iwe amene sunaphunzirepo zojambula, unakhala pambali panga madzulo aliwonse ukulemba mawu m'timabokosi mmene ndinkakuuzira, ukufufuta ndi kulembanso popanda kudandaula. Amene adzawerenge gawo lachisanu ndi chiwiri adzaona kuti zilembo zake n'zopendekera pang'ono, ndipo ndakana kuzisintha chifukwa ndi zako.

Kwa bambo amene munandilembera kuti mwana wanu, yemwe anabadwa ndi chipsera chachikulu kumaso, anakupemphani kuti mubwerere kawiri pa tsamba la tupa lija, kalata yanu ndinaisindikiza ndipo ili pakhoma pamwamba pa tebulo langa. Bukuli lipita kosindikiza mwezi wamawa, ndipo ndikupempha inu pamodzi ndi mayi a kalata yoyamba ija kuti mundilole ndikutumizireni mabuku awiri oyamba kutuluka m'makina.