Ulendo wathu wa ku Mulanje: kusamala bwalo la gofu m'dzinja

Tinanyamuka ku Limbe m'mamawa pa minibasi, anthu 8 osamalira bwalo lathu la gofu. Tinadzera msewu wa Midima, ndipo pofika ku Mulanje phiri lonse linali litafunda mitambo, mvula ikuwaza. Sitinadandaule, poti tinapitira zomwezo: kukaona mmene anzathu a bwalo la gofu la kumeneko amasungira kapinga kudera kumene mvula imagwa yambiri kuposa kwathu.

Anatilandira kapitawo wawo, bambo wachikulire wovala majombo. Sanatikhazike pansi. Anatitengera pa grini ina ya kumunsi, paja pamene kapinga amametedwa mwaufupi pozungulira dzenje lolowetsamo mpira, n'kuzika foloko ya m'munda pansi. Atagwedeza pang'ono, madzi amene anadikha pamwamba anayamba kulowa m'timabowoto tikuona. Kenako anakumba kadothi kakuda n'kutipatsa kuti tinunkhize. Kankanunkha ngati dzira lovunda. "Ana anga, nthaka ikafika apa ndiye kuti mizu sikupuma," anatero. Mankhwala ake ndi kubowola nthaka ndi kuwazapo mchenga wosefa, kenako kuusesera m'mabowomo.

Apa ine ndinagwidwa ndi manyazi, chifukwa fungo lomwelo ndakhala ndikulimva pa grini yathu yachinayi, ndipo tinkangothirapo feteleza poganiza kuti kapinga ali ndi njala. Chonsecho feteleza wothira mvula yamphamvu ili pafupi amangokokoloka.

Tinakhalitsa pa ngalande. Amakumba ngalande yaikulu motsata kutsetsereka kwa malo, ndi zing'onozing'ono zolowa m'mbali ngati minga ya nsomba. Pansi amayala paipi yobowolabowola, pamwamba pake miyala ya kwale, kenako mchenga ndi kapinga. Wosewera amadutsapo osadziwa kuti pansi pakuyenda madzi. Bamboyo anatsindika kuti ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe, nthaka ili gwa. Ukaikumba mu Januwale umangoponda matope. Anatikumbutsanso za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasakaza kwambiri dera la Mulanje ndi Phalombe, kuti mvula ngati imeneyo ngalande yotsekeka ndi masamba siingathandize kanthu.

Zina anangotiuza mwachidule. Thirakitala isalowe pamalo ponyowa, chifukwa matayala amasiya mikwasa yosatha msanga. Makina ometera akwezedwe pang'ono m'dzinja. Dzenje lisamutsidwire kumtunda kwa grini, kuti mapazi asapondereze pomwe pali chinyezi. Mchenga wa m'mabanka, maenje amchenga a pabwalo la gofu, ukakokoloka, amayamba achotsa matope apamwamba asanaubwezere, apo ayi umauma ngati njerwa.

Tinadya nsima ya nyemba, tinamwa tiyi wa komweko, n'kubwerera chakumadzulo kudzera ku Thyolo. Lolemba tiyamba kubowola grini yachinayi ndi mafoloko, ndipo ndapempha komiti kuti itigulire mchenga ndi mapaipi mwezi wa Ogasiti usanafike.